Sitolo ya mabuku oletsedwa ku Kopje: chuma chake chili m'katoni ya pansi

Kwa miyezi ingapo anzanga amene timapemphera nawo ku Highfield akhala akunditchulira kasitolo ka mabuku akale kamene kali chakumadzulo kwa tauni ya Harare, m'dera la Kopje, pamwamba pa shopu yogulitsa zitsulo za galimoto, ndipo chimene ankachitama kwambiri ndi kabati yagalasi imene mwini wake anaipatula kuti muzikhala mabuku, nyuzipepala ndi mbale za nyimbo zimene maboma osiyanasiyana analetsa. Ndapitako katatu, ndagulako zinthu zingapo, ndipo tsopano ndikhoza kunena zimene ndinaona. Dzina la sitoloyi sinditchula, chifukwa m'zimene ndilembe muli madandaulo pamene mwini wake ndi munthu wamba amene akudya thukuta lake; Amalawi a ku Mbare, Mufakose ndi Highfield amene amakonda kuwerenga amaidziwa kale, ndipo adzakulozerani.

Kukwera kwake n'kovuta kwa ife a mawondo okalamba, pakuti masitepe ndi opapatiza ndiponso alibe pogwira. Chipinda chenichenicho ndi chimodzi, cha zenera limodzi, kotero kuti magetsi akazima, monga anachitira paulendo wanga wachiwiri, muyenera kunyamula buku n'kupita nalo pazenera kuti muone zilembo. Mwini sitolo ndi bambo wachikulire wobadwira ku Mbare, amene atate ake anachokera ku Dedza pa nthawi ya Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku Rhodesia, ndipo iye anagwira ntchito zaka zambiri yoyala zilembo pa kampani ina yosindikiza mabuku. Chichewa chake n'chakale, chaulemu, chosakanikira pang'ono ndi Chishona. Amathandizana ndi mdzukulu wake, mnyamata wochangamuka amene anandilonjera kuti "sekuru", kenaka agogo ake atamuyang'ana anakonza msanga n'kunena kuti, "Muli bwanji agogo?"

Chinthu choyamba chimene chimakoka maso ndi tsamba la nyuzipepala ya Rhodesia Herald limene laikidwa m'felemu pakhoma, ndipo siligulitsidwa. Pakati pa nkhani zake pali mipata yoyera, ina yaikulu ngati chikhatho, pamene sipanasindikizidwe kanthu. Ian Smith atalengeza pa 11 Novembala 1965 kuti Rhodesia yadzichotsa yokha m'manja mwa Britain, boma lake linatumiza anthu ake kukakhala m'maofesi a nyuzipepala kuti aziwerenga nkhani iliyonse isanapite ku makina, ndipo akonzi a nyuzipepalayo, pofuna kuti owerenga adziwe kuti pali chimene chachotsedwa, ankasiya malowo opanda kanthu. Boma linayesa kuletsa ngakhale mipata yoyerayo, ndipo kuunika kotereku kunatha mu 1968. Mwini sitolo anandifotokozera monga munthu wa ntchitoyo kuti kusiya mpata pa tsamba la zilembo zamtovu si kusiya chabe ayi, chifukwa umayenera kudzaza malowo ndi tizitsulo tafupitafupi tosafika pa inki kuti tsamba lonse ligwirane, ndiye kuti mpata woyera uliwonse unali ntchito ya manja a munthu amene anachita dala. Kenaka anawonjeza mawu amene ndakhala ndikuwaganizira kuyambira tsiku limenelo: "Bambo, apa mukuona pamene anadula. Kumudzi kwathu kunalibe chodula, chifukwa mwini nyuzipepala ndi mwini dziko anali munthu mmodzi."

Ananena zoona. Ine ndinaphunzitsa sukulu ya pulayimale ku Ntcheu ndisanabwere kuno, ndipo ndikukumbukira kuti Daily Times ndi Malawi News zinkatuluka ku kampani ya Blantyre Print, imene inali m'manja mwa Dr Kamuzu Banda mwini wake; wailesi inali imodzi yokha, MBC, ndipo wailesi ya kanema ya dziko la Malawi inadzayamba mu 1999, Kamuzu atamwalira kale. Choncho ndinayembekezera kuti sitolo ya munthu wozindikira chonchi idzakhala yokonzedwa motsatira nzeru yomweyi. Apa ndi pamene ndinakhumudwa.

Kabati yagalasi ija ndi imene mdzukulu amaiyang'anira, ndipo iye wapeza kuti mawu oti "choletsedwa" amagulitsa malonda. Pa chikuto cha buku lililonse la m'kabatimo wamatapo kapepala kofiira kokhala ndi liwu lachingelezi la tanthauzo limenelo, ndipo buku likangolandira kapepalako mtengo wake umakwera katatu kapena kanayi. Ndinagula buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, pa madola 25 a ku America, ndipo nditafika kunyumba n'kuyesa kumatula kapepalako, kanachoka ndi khungu la chikuto. Choipa china n'chakuti masamba awiri akumapeto munalibe, zimene palibe anandiuza. Nditabwerera nalo, mnyamatayo anakana kubweza ndalama, koma agogo ake anapepesa ndipo anandilola kusankha mabuku ena a mtengo wa madola 10. Ulemu wa mkuluyo ndinaulandira, koma buku lamtengo wotero liyenera kuwerengedwa masamba lisanalowe m'kabati.

Kapepala kofiirako kamanamanso pang'ono, ndipo bodza lake ndi limene likukhudza nkhani yathu. Buku la Mapanje linasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo mu 1985 linachotsedwa m'masukulu ndi m'masitolo a ku Malawi popanda kulengezedwa poyera kuti laletsedwa. Linangosowa, ndipo aliyense anamva yekha tanthauzo la kusowako. Mapanje mwini wake anamangidwa ku Zomba mu Sepitembala 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. Zoonadi, bungwe la Censorship Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, linaletsa mabuku oposa 800 m'zaka zake zoyambirira zisanu ndi ziwiri, ndipo m'kabatimo mulinso mbale ya nyimbo ya Cecilia, ya Simon ndi Garfunkel, imene sinkaloledwa kwathu chifukwa dzina lake linali la Mama Cecilia Kadzamira. Koma chimene chinkatigwira pakhosi sichinali mndandanda wa bungwelo, umene ambiri a ife sitinauonepo n'komwe. Chinali kusadziwa malire, kumene kunkachititsa mphunzitsi kubisa buku limene palibe anamuuza kuti alibise, ndiponso wolemba sewero kufufuta yekha mzere usanafike kwa aliyense. Ngakhale kuno ku Harare Amalawi ankalankhula motsitsa mawu, makamaka mtembo wa Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu lotsutsa la LESOMA, utapezeka mumzinda uno mu 1983. Zimenezi kapepala kofiira sikangazifotokoze.

Shelefu ya mbiri ya Germany ndiyo yokonzedwa bwino koposa, ndipo mitengo yake ndi yachilungamo, pakati pa madola 4 ndi 8. Mabuku ake ambiri anachokera m'nyumba za azungu amene anasamuka, ndipo ena ali ndi zithunzi zabwino. Wowerenga wodekha adzaona m'mabukumo kuti kutentha mabuku kumene kunachitika ku Berlin pa 10 Meyi 1933, pamene mabuku pafupifupi 20,000 anaponyedwa pamoto, kunali chionetsero cha usiku umodzi, pamene ntchito yeniyeni inagwiridwa ndi mapepala a m'ofesi. Mu Malichi 1933 Joseph Goebbels anapatsidwa unduna wofalitsa mfundo za chipani cha Nazi cha Adolf Hitler. Mu Sepitembala chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la Reichskulturkammer, lokhala ndi nthambi za mabuku, nyimbo, zisudzo, mafilimu, wailesi, nyuzipepala ndi zojambula, ndipo munthu amene sanali membala wa nthambi yake sankaloledwa kugwira ntchito ya luso lake. Ayuda ndi onse amene chipani chinkawakayikira anachotsedwa mwa njira imeneyi, osati poletsa nyimbo imodziimodzi koma pomulanda woyimba chilolezo choyimba. Lamulo la akonzi a nyuzipepala la mu Okutobala 1933 linachita chimodzimodzi kwa atolankhani. Mu Novembala 1936 Goebbels analetsanso kulemba zodzudzula ntchito za luso, n'kulamula kuti olemba azingofotokoza zimene aona, kotero kuti nkhani yonga imene mukuwerengayi, ikanakhala yonena za sewero kapena buku la ku Berlin, ikanandichotsetsa ntchito.

M'buku lina la pa shelefu yomweyo muli chithunzi cha wailesi yotchedwa Volksempfänger, imene inayamba kugulitsidwa mu 1933 pa mtengo wa 76 Reichsmark, ndipo ina yaing'ono inatuluka mu 1938 pa 35 Reichsmark. Boma linakakamiza makampani kuti apange wailesi yotsika mtengo kuti mawu a Hitler alowe m'khitchini ya banja lililonse, ndipo nkhondo itayamba mu Sepitembala 1939 kumvera wailesi zakunja kunasanduka mlandu. Mwini sitolo ataona kuti ndayang'anitsitsa chithunzicho, anatsitsa pamwamba pa kabati wailesi yozungulira, yabuluu, yooneka ngati sefuliya yogonekedwa chammbali, imene akuluakulu amaikumbukira kuti Saucepan Special. Wailesi zimenezi zinayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mapaundi 5 kuti anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland azimvera siteshoni ya atsamunda ya ku Lusaka. Yake ilibe batire ndipo siyimba, koma amalola munthu kuigwira. Sindikunena kuti atsamunda a ku Lusaka anali ofanana ndi a Nazi, ndipo sitoloyi imalakwa pamene imaika maboma onse m'thumba limodzi ngati kuti kupha anthu mamiliyoni n'chimodzimodzi ndi kuletsa nyimbo. Koma nzeru yakuti boma limene likufuna kulamulira makutu a anthu liyambe ndi kuwapatsa chomvera inali yodziwika kwa onse. Boma la Smith nalo linalimbikitsa wailesi za FM yokha pakati pa anthu akuda kuti asamamve mawu a omenyera ufulu ochokera ku Maputo ndi Lusaka.

Za Soviet Union m'kabati muli zochepa, ndipo zimene zilimo n'zodula mopanda chifukwa. Koma pansi pa tebulo, kuseri kwa chitseko, pali makatoni atatu amene mnyamata uja amawatcha zinyalala, ndipo chilichonse cha m'menemo amagulitsa dola imodzi. Paulendo wanga wachitatu ndinapempha mpando n'kukhala pamenepo maola awiri, ndipo ndikunenetsa kuti amene akufuna kumvetsa mmene boma lopondereza limagwirira luso ndi nkhani ayambire m'makatoni amenewa, osati m'kabati.

Muli mabuku achingelezi osindikizidwa ku Moscow ndi Progress Publishers, a mapepala olimba ndi zikuto zansalu, amene anadzaza Harare m'zaka za m'ma 1980 pa mitengo yotsika kwambiri. Muli nthano za m'mafakitale ndi m'minda ya boma, zolembedwa motsatira njira imene msonkhano woyamba wa bungwe la alembi a Soviet Union unavomereza mu 1934, yakuti wolemba aonetse moyo monga mmene chipani chikunenera kuti ukupita. Mukawerenga atatu mwa mabukuwa mumayamba kudziwiratu tsamba limene mlimi wokayika adzatembenuke mtima. Alembi ake sanali mbuli. Ambiri anali ndi luso, ndipo bungwe lawo linkawapatsa nyumba, malo opumulirako ndi ndalama zabwino, pamene ofesi ya Glavlit, imene inakhazikitsidwa mu 1922, inkadinda chilolezo pa chilichonse chopita ku makina. Wotuluka m'khola limeneli ankataya zonse nthawi imodzi, monga zinachitikira Anna Akhmatova ndi Mikhail Zoshchenko mu 1946 atadzudzulidwa ndi Andrei Zhdanov, mmodzi wa akuluakulu a chipani cholamula, ndipo ena anataya moyo, monga Osip Mandelstam amene anafera mumsasa wa akaidi pafupi ndi Vladivostok mu Disembala 1938. Mabuku a dola imodzi awa ndi amene amaonetsa chimene chinatsala pamene anthu otero anachotsedwa, ndipo ndicho chimene anthu wamba ankawerenga tsiku ndi tsiku.

M'katoni yachiwiri muli timabuku ta Chishona ndi Chindebele todutsa m'manja mwa Rhodesia Literature Bureau, ofesi ya boma imene inayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo inkasankha nkhani za anthu akuda zoyenera kusindikizidwa. Nkhani zake zambiri ndi za ufiti, za chikondi, za mtsikana wa kumudzi amene anawonongeka atafika m'tauni; za malo olandidwa ndi za chitupa simuzipeza kawirikawiri. Palibe limodzi la timabukuti limene lili ndi kapepala kofiira, komabe ndi timeneti timene timaonetsa dzanja la boma bwino koposa buku lililonse la m'kabati.

Katoni yachitatu ndi yathu. Ndinapezamo makope a Boma Lathu, nyuzipepala ya Chichewa ya dipatimenti yofalitsa nkhani, achikasu ndi ukalamba, ena odyedwa ndi chiswe m'mphepete. Ndinatsegula limodzi pamaondo panga, ndipo fungo lake lokha linandibwezera ku bwalo la sukulu kumene tinkafoletsa ana padzuwa kuti aloweze nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Tsamba loyamba linali ndi chithunzi cha Ngwazi ikuyendera mbewu, litchowa m'manja, amayi a mbumba atavala nsalu za nkhope yake. Tsamba lachiwiri linali la mfumu yothokoza. Lachitatu linali la malangizo a feteleza, amene kunena zoona anali othandiza. Munalibe bodza lalikulu limene mungaloze ndi chala, koma munalibenso njala, munalibe wandende, munalibe munthu wofunsa funso. Mmenemo ndi mmenenso zinalili ndi magule athu: chimtali, chioda ndi ingoma sizinaletsedwe, koma zinatengedwa n'kupatsidwa mawu atsopano otamanda mtsogoleri ndi kunyoza amene anathawa pambuyo pa kusamvana kwa nduna mu 1964, ndipo amayi ankatengedwa pa malole kukavina kulikonse kumene iye ankapita. Ngakhale chilankhulo chimene ndikulembachi chinakwezedwa ndi dzanja lomwelo, pamene msonkhano wa chipani wa 1968 unasankha Chichewa kukhala chilankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Ndimachikonda Chichewa, koma sindingabise kuti anzathu a kumpoto analipira mtengo wake. Ndinagula makope khumi ndi awiri, ndipo mnyamatayo anandiyang'ana ngati munthu amene akugula madeya pamtengo wa ufa.

Dandaulo langa lalikulu pa makatoniwa ndi kasungidwe. Ali pa simenti penipeni, pafupi ndi khoma limene limalowa chinyezi nthawi ya dzinja, ndipo za pansi zayamba kale kumatana. Mapepala a nyuzipepala sapirira zotere, ndipo mvula ziwiri zikubwerazi zidzamaliza zimene chiswe chasiya. Ndinamuuza mwini sitolo kuti achotse theka la za m'kabati n'kuikamo izi, ndipo anaseka n'kunena kuti, "Bambo, mdzukulu wangayu ndiye amadziwa chimene chimalipira lendi."

Pali mpata wina umene ndiyenera kuutchula. Za dziko lino zimene zili m'sitoloyi zimathera mu 1980. Muli Moto, magazini ya ku Gweru imene boma la Smith linaletsa mu 1974, muli mbale za Thomas Mapfumo za nthawi ya nkhondo, koma simupeza chilichonse chosonyeza kuti lamulo la Smith la 1967 lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo linapitirira kugwira ntchito ufulu utabwera, kapena kuti buku lina la Dambudzo Marechera linaletsedwa kwa kanthawi mu 1981, kapena kuti makina osindikizira a Daily News anaphulitsidwa ndi bomba mu Januwale 2001 ndipo nyuzipepalayo inatsekedwa mu Sepitembala 2003. Nditafunsa ngati ali ndi makope a nthawi imeneyo, mkuluyo anayang'ana kukhomo, anatsitsa mawu, n'kunena kuti zoterozo sasunga pamalo ano. Sindinamukakamize, chifukwa kuyang'ana kukhomo kumeneko ndikukudziwa. Ndinakuchita ndekha zaka zambiri m'chipinda cha aphunzitsi ku Ntcheu, ngakhale pambuyo pake pamene kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 inafika kuno m'thumba la munthu wina ndipo tinaiwerenga titatseka mazenera, ngakhale tinali kutali ndi apayoniya. Komabe wogula adziwe kuti sitolo imene imadzitama ndi zoletsedwa ili ndi mpata wake woyera, ndipo uwu sunaikidwe m'felemu.

Pa za malipiro, amalandira madola a ku America ndi EcoCash, koma chenji chimavuta, choncho tengani ndalama zing'onozing'ono. Risiti amalemba pamanja mukaipempha. Amatsegula kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndipo Loweruka amatseka masana. Pa mitengo ya m'kabati mukhoza kunenerera, makamaka mkuluyo akakhalapo, ndipo musalipire musanawerenge masamba a buku kuyambira koyamba mpaka kumapeto ndi kupempha kuti kapepala kofiira akamatule okha pamaso panu. Ana a sukulu ndi aphunzitsi a mbiri adzapindula ndi shelefu ya Germany. Amene anakulira kwathu nthawi ya chipani chimodzi apite m'mawa, dzuwa likadali pazenera, apemphe mpando, ndipo atenge thumba la pulasitiki lotetezera zimene agule, chifukwa makope a Boma Lathu amene ndinasiya m'katoni ya kukhoma anali osapitirira makumi atatu, ndipo a pansi kwambiri sankathekanso kutsegula.